Mwalipira Kale Koma Ntchito Yasiyidwa Panjira: Zimene Khadi la Ngongole Lingakuchitireni

Nkhani yokambidwa pamsonkhano wa Amalawi okhala ku Britain

 

Ndapemphedwa kulankhula za ndalama, koma sindikamba za kasungidwe kake. Ndikamba za ndalama zimene munapereka kale kwa munthu kuti akugwirireni ntchito, iye n'kuigwira mwamgwazo, kapena kuisiya pakati n'kuthimitsa foni. Zikatere ambirife timangoti "Mulungu aona," n'kudandaula pang'ono pagulu la WhatsApp, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ngati munalipira ndi khadi la ngongole la banki ya m'dziko lino, lamulo likuti banki yanuyo ili ndi mlandu womwewo umene wogwira ntchito uja ali nawo kwa inu. Ikakubwezerani ndalama siinakuchitireni chifundo. Yangolipira zimene lamulo likuti ilipire.

Tigwirizane kaye za makhadi, chifukwa m'zikwama zathu muli mitundu iwiri. Pali khadi limene limatapa ndalama zanu zomwe zili mu akaunti, la debit lija. Pali lina limene mukagulira chinthu banki ndiyo imalipira, inu n'kumaibwezera pakutha pa mwezi, kirediti khadi. Lachiwirili ndi limene ndikulitchula kuti khadi la ngongole, ndipo mphamvu yaikulu ili pa ilo.

Mphamvuyo ikuchokera mu lamulo la 1974 lotchedwa Consumer Credit Act, pa gawo limene aliyense kubanki amalidziwa kuti Section 75. Khadi loyamba la ngongole m'dziko lino linatulutsidwa ndi Barclays mu 1966. Kugula pangongole kutachuluka, boma linakhazikitsa komiti yotsogoleredwa ndi Lord Crowther, ndipo lipoti lake linatuluka mu 1971. Komitiyo inaona kuti wobwereketsa ndalama ndi wogulitsa malonda amadyera limodzi. Wogulitsa amapeza makasitomala amene akanalephera kugula, wobwereketsa amapeza phindu pa malonda omwewo. Ndiye zinthu zikalakwika, n'chifukwa chiyani wogula yekha azilira, kwinaku akubweza ngongole ya chinthu chimene sanalandire? Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Banki imene yalowa m'malonda a wina ilandirenso mavuto ake.

Lamuloli likuti ngati mtengo wa chinthu kapena ntchito ndi woposa £100 koma wosapitirira £30,000, ndipo wogulitsa waphwanya mgwirizano kapena anakunamizani pokugulitsani, mungathe kufuna ndalama zanu kwa iye, kapena kwa banki, kapena kwa onse awiri. Mumasankha ndinu. Simukakamizidwa kuyamba mwamusumira wogulitsa kukhoti. Ngakhale kampaniyo itagwa, ngakhale mwiniwake atathawira ku Spain, banki ilipo ndipo ili ndi adiresi.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Leicester amene wagwirizana ndi mmisiri kuti amukonzere khitchini yonse pa mtengo wa £4,200. Dipoziti ya £500 walipira ndi khadi la ngongole. Patapita sabata watumiza £2,500 kuchokera mu akaunti yake, ndipo £1,200 yotsalayo agwirizana kuti adzapereka ntchito ikatha. Mmisiri wabwera, wazula sinki yakale, wagumula makabati, wakhoma atsopano mbali imodzi opanda zitseko. Paipi ya pansi pa windo ikudontha, mayi atchera beseni. Waya wa kukala akulendewera pakhoma atamukulunga ndi tepi. Mmisiri wati akukatenga zitseko, ndipo kuyambira tsiku limenelo foni yake ikungoitana. Banja lonse likutsukira mbale m'bafa, nsima akuphikira pa kachitofu kamodzi ka magetsi pabalaza.

Mmisiri wina wabwera kudzaona, wati kumalizitsa ndi kukonza zolakwikazo ndi £2,900. Tiwerengere limodzi. Mayiyu akanati apereke £1,200 kuti khitchini ithe, tsopano apereka £2,900. Ndalama zimene waluza chifukwa cha kuthawa kwa mmisiri ndi £1,700, ndipo zimenezo ndi zimene angafune kubanki, ngakhale kuti pa khadi panadutsa £500 yokha. Lamulo limayang'ana mtengo wa ntchito yonse, osati kachigawo kamene kanalipiridwa ndi khadi. N'chifukwa chake anthu odziwa amaonetsetsa kuti dipoziti, ingachepe bwanji, yadutsa pa khadi la ngongole. Koma onaninso kuti mayiyu sangafune £3,000 yonse imene anapereka, chifukwa makabati ena ali pakhoma pake ndipo akuwagwiritsa ntchito. Banki imakubwezerani pamene mukanakhala mgwirizano ukanasungidwa, siikulemeretsani.

Pa nkhani ya ntchito yosamalizidwa umboni suvuta, aliyense amaona kuti zitseko palibe. Povuta ndi pa ntchito imene yatha koma simunakhutire nayo. Apa ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa kusakhutira kwanu pakokha si mlandu. Lamulo la 2015, Consumer Rights Act, limati wogwira ntchito aigwire mosamala ndiponso mwaluso loyenera, aimalize pa nthawi yoyenera ngati simunapangane tsiku, ndiponso kuti zimene ananena kapena kulemba zokhudza ntchitoyo, inu n'kuzidalira povomera, ndi mbali ya mgwirizano. Akalephera, muli ndi ufulu woti aibwereze mosakulipiritsani. Ngati kubwereza sikutheka, kapena akuzengereza, mtengo utsike, ndipo nthawi zina umatsika mpaka ndalama zonse kubwezedwa.

Tengani ukwati. Munalipira wophika kuti akonze chakudya cha anthu 200, nkhuku, nyama ya ng'ombe, mpunga, nsima ndi masamba. Patsikulo chakudya chafika mochedwa ndi maola atatu, chakwanira matebulo a kutsogolo okha, alendo ochokera ku Glasgow abwerera ndi njala. Uku ndi kuphwanya mgwirizano, ndipo ukwati subwerezedwa, choncho chotsala ndi kubweza gawo la ndalama. Koma mukapita kubanki n'kukati wojambula zithunzi sanakukongoletseni, kapena nyimbo za DJ sizinawasangalatse apongozi, akumvetserani mwaulemu n'kukutsekerani fayilo. Funso limene muzidzifunsa ndi lakuti, kodi anandilonjeza chiyani, ndipo ndalandira chiyani? Kusiyana kwa ziwirizi kukhale koti munthu amene sanalipo angakuone papepala.

Papepala, ndikubwereza dala. Ife timakonda kupangana pakamwa, makamaka ngati wogwira ntchitoyo ndi mnzathu wa kutchalitchi kapena wakwathu ku Ntcheu. Kumupempha kotesheni yolemba kumaoneka ngati kumukayikira. Lamulo limalemekeza pangano la pakamwa, inde, koma munthu wa kubanki amene akuwerenga dandaulo lanu sanamve zimene munakambirana pa malo oimika magalimoto. Simukusowa loya kuti mukhale ndi umboni. Mukangomaliza kukambirana, lembani uthenga pa WhatsApp: "Achimwene, tagwirizana chakudya cha anthu 200, chifike 2 koloko masana pa 14 Juni, mtengo £2,400, ndi choncho eti?" Akayankha kuti "eya," chimenecho n'chikalata. Sungani malisiti, jambulani ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo zinthu zikayamba kupotoka siyani kuimba foni, lembani. Ngati vuto ndi la luso, monga denga lodontha kapena injini yokonzedwa molakwika, banki kawirikawiri imafuna lipoti la katswiri wina amene sali mbali iliyonse. Ndalama zolipira lipotilo muziike pa zimene mukufuna kubwezeredwa.

Tsopano ndifike pa misampha, ndipo woyamba ndi malire a £100 aja. Amawerengera chinthu chimodzi, osati zonse pamodzi. Matikiti anayi a £90 iliyonse akwana £360, koma palibe imodzi yopitirira £100, ndiye banki ingakane. Maphunziro oyendetsa galimoto amene munagula pamodzi ngati phukusi la £350, mphunzitsi n'kusowa atakuphunzitsani kawiri, amenewo ali m'kati. Msampha wina ndi wa makhadi a banja. Ngati akaunti ndi ya bambo, mayi ali ndi khadi lachiwiri pa akaunti yomweyo, ndipo mayi alipirira zinthu zawozawo zimene bambo sakukhudzidwa nazo, banki ingati wobwereka ndalama ndi wina, wogula ndi wina. Pa zinthu zikuluzikulu, mwini akaunti ndiye alipire ndipo dzina lake lioneke pa mgwirizano.

Msampha waukulu kwa ife Amalawi ndi wa munthu wapakati. Section 75 imafuna kuti unyolo ukhale wa anthu atatu olumikizana: inu, banki yanu, ndi amene akukugwirirani ntchito. Pakalowa wachinayi, unyolo ungaduke. Ambiri muno mukumanga nyumba kumudzi. Mukatenga khadi la ngongole n'kutumiza ndalama kudzera ku WorldRemit kapena Western Union kwa alamu anu kuti akalipire kontilakita ku Area 49, kontilakitayo n'kusiya nyumba pa mawindo, banki ya kuno ilibe mlandu. Ntchito imene munagula ndi khadi inali yotumiza ndalama, ndipo ndalamazo zinafika. Kuwonjezera apo, mabanki ambiri amatenga kutumiza koteroko ngati mwatapa ndalama pa makina, ndiye chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo. Kulipira kudzera mu akaunti ya PayPal nakonso kawirikawiri kumadula unyolo, ngakhale PayPal ili ndi njira yakeyake yothandizira ogula. Ngakhale tikiti ya ndege yopita ku Lilongwe, mukagula kwa ejenti osati ku kampani ya ndege, mkangano ungabuke wakuti amene analandira ndalama si amene anayenera kukunyamulani.

Sikuti zonse za kunja zili kunja kwa lamuloli. Mabanki anayesa kunena choncho, ndipo nkhaniyo inakafika ku khoti lalikulu kwambiri la nthawi imeneyo, House of Lords, pa mlandu wa pakati pa Office of Fair Trading ndi Lloyds TSB pamodzi ndi makampani ena a makhadi. Mu Okutobala 2007 khotilo linagamula kuti Section 75 imagwira ntchito ngakhale pa zogula kunja kwa dziko lino. Choncho mukalipira malo ogona ku Mangochi mwachindunji ndi khadi lanu la ngongole la kuno, n'kukapeza chipinda chinaperekedwa kwa ena ndipo ndalama akukana kubweza, banki yanu ya ku Birmingham ikuyenera kuyankha. Chimene chasiyanitsa nkhani iyi ndi ya kontilakita uja si mtunda ayi, ndi njira imene ndalama inadutsa.

Ndikudziwa kuti ambiri amene timachita nawo malonda, otumiza madiramu ndi magalimoto kudzera ku Dar es Salaam, ophika, okongoletsa maholo, amati tumizani mu akaunti. Ena ali ndi zifukwa zomveka, makina a khadi amawadula kangachepe pa malonda alionse. Palibe lamulo lowakakamiza kulandira khadi, ngakhale kuti kuyambira mu Januwale 2018 amene amalandira saloledwa kukuwonjezerani mtengo chifukwa choti mwalipira ndi khadi lanu. Maganizo anga ndi akuti munthu amene akufuna mumupatse £3,000 ndi galimoto yanu, koma sangalandire ngakhale £50 pa khadi, ndiponso akaunti yake ili m'dzina la mlongo wake, wakuuzani kale zambiri za bizinesi yake.

Nanga amene mulibe khadi la ngongole? Pali njira yachiwiri yotchedwa chargeback, imene imagwira pa makhadi onse awiri. Iyi si lamulo la boma, ndi malamulo a makampani a makhadi, Visa, Mastercard ndi American Express. Banki yanu imapempha banki ya wogulitsa kuti ibweze ndalama chifukwa ntchito sinachitike kapena inasiyana ndi imene inalonjezedwa. Ilibe malire a £100 aja, ndipo nthawi zambiri imafulumira. Koma imabweza zokhazo zimene zinadutsa pa khadi, moti mayi wa khitchini uja akanangolandira £500. Nthawi yake ndi yochepa, kawirikawiri masiku 120 kuchokera pamene munalipira kapena pamene ntchito inayenera kuchitika. Ndiponso wogulitsa amapatsidwa mpata woyankha. Akaonetsa umboni wakuti ntchito anaigwira, ndalama zimene zinabwerera mu akaunti yanu zingachotsedwenso, ndiye musathamangire kuzidya. Abale a kumudzi amene ali ndi makhadi a Visa kapena Mastercard a mabanki a ku Malawi angafunsenso za chargeback kubanki kwawo akagula zinthu pa intaneti, chifukwa malamulo a makampaniwa amadutsa malire a mayiko.

Njira ziwirizi zinaoneka ntchito yake pamene Monarch Airlines inagwa mu Okutobala 2017, ndiponso kampani ya zamaulendo ya Thomas Cook mu Seputembala 2019 itachita malonda zaka 178. Amene anagula maulendo a phukusi anatetezedwa ndi ndondomeko ya ATOL. Ambiri amene anagula tikiti ya ndege yokha anauzidwa kuti apite kwa amene anawapatsa khadi. Pamenepo kalipiridwe kamene munthu anasankha miyezi ingapo m'mbuyomo, mwina osaganizirako n'komwe, ndi kamene kanagamula ngati aone ndalama zake.

Kachitidwe kake ndi aka. Yambani mwalembera wogwira ntchitoyo. Ngakhale Section 75 siikukakamizani, chilungamo chimafuna kuti munthu apatsidwe mpata wokonza, ndipo kalatayo idzakhala umboni wanu. Nenani zimene munapangana, zimene zalakwika, zimene mukufuna, ndipo mupatseni masiku 14. Musatukwane, kalata imeneyi adzaiwerenga anthu ena. Akapanda kuyankha, lemberani banki, ndipo mutchule mawu akuti Section 75 claim kuti asakusocheretseni. Ikanipo tsiku, mtengo, mauthenga, zithunzi, kotesheni ya womalizitsa ntchito, ndi chiwerengero chenicheni cha ndalama zimene mukufuna. Apempheni ayesenso chargeback nthawi yake isanathe, popeza kuyesa njira imodzi sikutseka inayo. Chosaloledwa ndi kulandira kawiri pa chinthu chimodzi.

Mwina wa kubanki adzakuuzani pafoni kuti masiku 120 adutsa ndiye palibe chimene angachite. Masiku amenewo ndi a chargeback. Pa Section 75 nthawi yake ndi ya milandu ya mgwirizano, zaka 6 ku England ndi Wales, zaka 5 ku Scotland. Mwina adzati kasumireni kaye kampaniyo, kapena ati kampani inagwa ndiye kalembetseni kwa oyang'anira chuma chake. Yankhani modekha kuti mlandu wa banki ndi woima pawokha. Ngakhale khadilo munalitseka chaka chatha, ufulu wanu sunatsekedwe nalo.

Banki ikakana, kapena ikangokhala chete, lembani dandaulo lotsutsa mmene yayendetsera nkhani yanu. Ili ndi masabata 8 oti ikupatseni yankho lomaliza. Mukapanda kukhutira, kapena masabatawo akatha, pitani ku Financial Ombudsman Service pasanathe miyezi 6 kuchokera tsiku la yankho lomalizalo. Ndi kwaulere, simusowa loya, ndipo mukavomereza chigamulo chawo chomaliza banki imakakamizika kuchitsatira. Musapereke gawo la ndalama zanu kwa makampani amene amati akudandaulirani, fomu yake mungathe kulemba nokha madzulo amodzi. Khoti la milandu ing'onoing'ono liliponso, limamva nkhani zofika £10,000 ku England ndi Wales, koma kumeneko mumalipira polembetsa. Ena amandinong'oneza kuti amaopa kulimbana ndi banki chifukwa mapepala awo okhalira m'dziko muno ndi a kanthawi. Dandaulo la khitchini silipita ku Home Office.

Chenjerani ndi malangizo a pa intaneti, ambiri ndi a ku America. Kumeneko lamulo lawo, Fair Credit Billing Act, nalonso la 1974, limapereka masiku 60 olembera banki za cholakwika pa bilu, ndipo limalola munthu kuimika kulipira gawo limene akutsutsa pamene nkhani ikufufuzidwa. Kuno musaimike kulipira khadi pa nokha. Pitirizani kupereka ngakhale kochepa kamene amafuna pamwezi, ndipo pemphani banki iimike chiwongoladzanja pa ndalama za mkanganozo. Mukangosiya, dzina lanu lidetsedwa m'mabuku a ngongole kwa zaka 6, ndipo mudzazimva tsiku lofuna ngongole ya nyumba.

Muno mulinso amalonda, amayi oluka tsitsi, ophika, abambo okonza magalimoto, ndipo ndaona ena nkhope zagwa. Mukulondola kudandaula, chifukwa alipo makasitomala amene amadya chakudya chonse, mbale n'kunyambita, kenako n'kukauza banki kuti sanalandire kanthu. Kumeneko ndi kuba, ndipo kunamiza banki kuti upeze ndalama ndi mlandu wachinyengo umene ungafike kupolisi. Chargeback ikabwera, wamalonda wamng'ono amalandidwa ndalama nthawi yomweyo, nthawi zambiri n'kulipiritsidwanso chindapusa, asanamvedwe n'komwe. Chitetezo chanu ndi chimodzimodzi ndi cha kasitomala: kotesheni yolemba, chithunzi cha ntchito itatha, uthenga wa kasitomala wothokoza usiku wa ukwati. Banki ikakulemberani kuti wina watsutsa malipiro, yankhani msanga tsiku limene akupatsani lisanadutse, chifukwa mukakhala chete ndalamazo zapita ngakhale ntchito munaigwira bwino.

Amene muli ndi nkhani zimene zili m'kati pakali pano, mukafika kunyumba yang'anani pa sitetimenti tsiku limene munalipira ndi khadi limene munagwiritsa ntchito. Ngati ndi la debit ndipo miyezi itatu yadutsa, imbani kubanki mawa m'mawa, musadikire Lolemba linalo. Amene mwabwera ndi makalata anu, ndikhala pa tebulo la pakhomo paja tikamaliza kudya, tiwaonere limodzi.